Pansi pa nyumba yanu ndiye pasankhe loboti

Kale liwu lakuti loboti mu Lusaka linali na tanthauzo limodzi cabe: malaiti aja a pa mphambano ya msewu, amene madalaivala ena a mabasi amawaona monga zokongoletsera tauni. Manje kwabwera loboti ina. Ni yozungulira monga mbale yaikulu ya nsima, imayenda yokha m'nyumba, imakoka fumbi, ndipo ina akuti imakolopa. Mavidiyo ake adzaza TikTok na Facebook. Munthu wakhala pa sofa na kapu ya tiyi, miyendo m'mwamba, kanthu kali pansi kazungulira. M'munsi mwa vidiyo anthu amafunsa mafunso awiri okhaokha: "Ni zingati?" na "Yabwino ni iti?"

Funso loyamba lilibe mlandu, ndalama ni zanu. Laciwiri ndiye nifuna kulimbana nalo, cifukwa ndiye limadyetsa ogulitsa. Mukafunsa kuti yabwino ni iti, wogulitsa adzaloza yodula pa zonse zimene ali nazo, ndipo adzakuwerengerani manambala a pa katoni mpaka mutu uzungulire. Sadzakufunsani kumene mukhala, kuti pansi panu ni potani, kuti malaiti amabwera maola angati, olo kuti m'nyumba muli mwana wokwawa. Koma mayankho a mafunso amenewa ndiye ayenera kusankha makina. Loboti imene igwira bwino nchito pa matailosi a fulati ya ku Kabulonga ingakhale katundu wongodya malo m'cipinda ca ku Chawama, ndipo ingazimitse kuwala kwa pansi pofiira pamene amayi anu akhala apaka Cobra kwa zaka 20. Palibe loboti yabwino pa nyumba zonse, ndipo nyumba zambiri zimene ife acinyamata tikhalamo siziyenera ija yodula imene tionetsedwa tsiku na tsiku.

Makinawa anabadwira nyumba zina

Kampani ya Electrolux ya ku Sweden inayamba kugulitsa loboti yake ya Trilobite mu 2001. Mu 2002 kampani ya iRobot ya ku America inatulutsa Roomba, imene inachukitsa makinawa pa dziko lonse. Masiku ano maina ambiri amene timamva ni a ku China: Roborock, Ecovacs, Dreame, Xiaomi na Eufy. Amene anayamba kupanga makinawa anali na nyumba yawo m'mutu: kapeti kucokera ku cipupa kufika ku cipupa, mawindo otseka, msewu wa tala pa geti, malaiti osazima. Zinyalala za m'nyumba yotero ni zopepuka. Ni ubweya wa galu, tiulusi twa zovala na zinyenyeswa za buledi.

Zathu tizidziwa. Mphepo ya mu August na September ikayamba, dothi la m'misewu yopanda tala limalowa pansi pa citseko monga nalonso limalipira lendi. Mungapyange m'mawa, masana mwalemba dzina lanu pa tebulo na cala. Mvula ikabwera mu November fumbi lija limasanduka matope, ndipo nsapato iliyonse imalowa nawo m'nyumba. Onjezerani phulusa la mbaula na tizidutswa twa malasha. Kabokosi kosungira zinyalala mu maloboti ambiri sikapitirira theka la lita, ndipo sefa yake ni kapepala kopindapinda kamene fumbi losalala limakatseka msanga. Izi sizitanthauza kuti loboti siingagwire nchito kuno. Zitanthauza kuti munthu wa pa YouTube amene anaiyesa m'nyumba ya ku London kapena California anayankha funso la nyumba yake.

Mitundu itatu, na bodza la cikolopo

Mtundu woyamba ni wokoka fumbi cabe. Uli na burashi yaikulu pamimba, kaburashi ka m'mbali kotolera za m'makona, mota yokoka mpweya na sefa. Waciwiri ni wokolopa cabe, monga Braava ya iRobot: katanki ka madzi na nsalu, basi. Mtunduwu sukoka fumbi, cotero muyenera kuyamba mwapyanga mwekha. Wacitatu ni uja ogulitsa amaukonda, wocita zonse ziwiri.

Ganizirani mmene munthu amakolopera. Amaviika cikolopo mu baketi, amafinya, amakanikiza pansi na mphamvu ya mikono na msana, amatsuka cikolopo, ndipo madzi akada amawataya na kutunga ena. Nchito yonse ya kukolopa ni kucotsa dothi pansi na kulipereka mu baketi. Loboti yochipa yocita zonse ziwiri ilibe baketi. Ili na kansalu konyowa komata kumbuyo kwake, kamene imangokakoka pansi. Makina onse amalemera makilo 3 kapena 4, ndipo kulemera kwambiri kumakhala pa mawilo, osati pa nsalu. Kansaluko kakada m'cipinda coyamba, m'zipinda zotsala loboti imangogawa dothi lija mwacilungamo, cipinda ciliconse gawo lake. Supu ya nkhuku imene inauma pansi dzulo idzaidutsa katatu, ndipo idzaisiya mmene inaipezera. Akulu anakamba kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pa mtengo wotsika, makina olonjeza nchito ziwiri kawirikawiri amacita imodzi bwino, inayo amangoinamizira.

Alipo amene amakolopa zenizeni. Roborock S7, imene inatuluka mu 2021, inabwera na nsalu yonjenjemera imene imakwecha pansi na kunyamuka pang'ono ikafika pa kapeti. Ena ali na nsalu ziwiri zozungulira, ena ali na cogudubuza cimene cimatsukidwa makina ali mkati moyenda. Odula kwambiri ali na doko lalikulu. Doko ni pamalo paja loboti imabwerera kukachaja, ndipo madoko aakuluwa amakhuthula zinyalala okha, amacapa nsalu na kuiumitsa na mpweya wotentha. Makina otere amagwiradi nchito. Koma apamwamba mwa iwo amapitirira madola 1,000 ku America komweko, asanakwere ndege. Vidiyo imene inakukopani inaonetsa makina a mtengo umenewo. Amene wogulitsa wa pa WhatsApp akutumizirani pa mtengo wa foni yaing'ono ni aja a kansalu kokoka.

Nambala ya pa katoni

Cida cacikulu ca wogulitsa ni nambala yothera na zilembo Pa: 2,000 Pa, 5,000 Pa, 10,000 Pa. Imeneyi ni mphamvu yokokera mpweya, ndipo kampani iliyonse imadzipimira yokha makina ali pa mphamvu yake yonse, pamene amacita congo na kutha batire msanga. Mphamvu yaikulu ili na nchito pa kapeti, cifukwa fumbi limabisala pakati pa ulusi. Pa matailosi na pa simenti fumbi limakhala pamwamba, ndipo mphamvu yapakatikati imalitola bwinobwino. Ngati m'nyumba mwanu mulibe kapeti, ndalama zimene muwonjezera pa nambala imeneyi mukugulira katoni.

Cimene cifunika kufunsa ni mmene loboti imapezera njira. Zochipa kwambiri zimangoyenda mpaka zitagunda cinthu, na kutembenuka. M'kacipinda kamodzi zimakwanitsa, koma m'nyumba ya zipinda zinayi zimabwereza malo amodzi kasanu, kwina osafikako. Zina zimaona na kamera, ndipo kamera imafuna kuwala. Zina zili na kansanja pamwamba kozungulira na kuwala kwa leza, kamene amakachula LiDAR. Izi zimajambula mapu a nyumba, zimayenda mizere yoongoka, ndipo mdima sizisamala nawo. M'dziko limene usiku wambiri timaudya na tochi ya pa foni, kusiyana kumeneku ni kwakukulu kuposa nambala iliyonse ya Pa. Kumbukirani cabe kuti kansanjako kamatalikitsa loboti kufika pafupifupi masentimita 10. Pimani mpata wa pansi pa bedi na sofa musanagule, cifukwa kumeneko ndiye fumbi limakhala.

Nyumba na nyumba

Tiyambe na kumene ambiri a ife tikhala: cipinda cimodzi kapena ziwiri za lendi ku Mtendere, Kanyama, Matero, Garden. Pansi pali bedi, masutikesi pansi pa bedi, zigubu za madzi, baketi, nsapato, waya wa chaja, mwina na sitovu ya mbale ziwiri pa kona. Malo otsala oyendapo ni ocepa kwambiri moti cipyango cimawamaliza nyimbo imodzi isanathe. Kuti loboti iyende muyenera kunyamula zonsezi coyamba, ndipo mukamaliza kunyamula ndiye kuti theka la nchito mwagwira kale. Doko nalo limafuna malo ake pa cipupa pafupi na soketi, na mpata kutsogolo na m'mbali. Nyumba iyi siifuna loboti ya mtundu uliwonse. Ifuna kamphira kotseka mpata wa pansi pa citseko, copondapo pa khomo, lamulo lovula nsapato, na mopu yabwino ya baketi yofinyira. Palibe ca manyazi pamenepa.

Yaciwiri ni nyumba ya makolo, ya simenti yofiira yopakidwa polishi, monga zambiri za ku Libala, Chilenje na Kabwata. Polishi ni phula. Amapakidwa, amauma, ndiye amakwechedwa na burashi mpaka munthu adzione nkhope. Loboti siidziwa kupaka phula, siidziwa kushainisha, ndipo kansalu konyowa kodutsapo tsiku lililonse kamangozimitsa kuwala na kusiya mizere. Phula losauma bwino limamatira ku burashi na ku mawilo pamodzi na fumbi. M'nyumba iyi, ngati mufunadi loboti, tengani yokoka fumbi cabe, ndipo muziiyendetsa polishi atauma na kukwechedwa. Ndalama ya mbali yokolopa isungeni. Onaninso ming'alu na masitepu a pakati pa zipinda. Maloboti ambiri amakwera cinthu cosapitirira masentimita 2. Nyumba zimene zinawonjezeredwa cipinda caka cino, cina caka ca mawa, nthawi zambiri pansi pake sipalingana, ndipo loboti idzakhala mkaidi wa cipinda cimodzi.

Yacitatu ni fulati kapena nyumba yatsopano ya matailosi kucokera pa khomo mpaka ku bafa, monga zimene zimangidwa ku Chalala, Salama Park na Ibex Hill. Apa ndiye loboti yocita zonse ziwiri ili na nzeru. Pansi ni posalala, zipinda n'zolingana, ndipo fumbi losalala lija limene limabwerera tsiku lililonse ni limene nsalu yonyowa imatola bwino. Sankhani ya LiDAR, ya nsalu yonjenjemera kapena yozungulira, ndipo muzicapa nsalu ikangomaliza. Olo zili tero, kukolopa kwa pa Ciwelu sikunathe. Loboti imangocititsa kuti pakati pa wiki pansi pasafike poipa. Ndipo ngati msewu wa pa geti panu ukali wa dothi, monga mmene zilili m'madera ambiri atsopano, mudzakhuthula kabokosi kake tsiku lililonse.

Yacinayi ni nyumba ya kapeti. Kuno mphamvu yokoka na mtundu wa burashi ndiye nkhani. Burashi ya mphira imakola tsitsi pang'ono kuposa ya ubweya, ndipo aliyense amene amakhala m'nyumba mmene anthu amalukana tsitsi kapena kupesa mawigi adziwa kuculuka kwa ulusi umene umagwa pansi. Ulusi wautali umazinga burashi na mawilo mpaka mota kulira. Loboti ya kansalu kosanyamuka idzanyowetsa kapeti yanu, pokhapo ngati muzicotsa nsalu na manja nthawi zonse kapena kuiletsa pa mapu. Dziwaninso kuti maloboti ena amaona kapeti yakuda bii monga dzenje, cifukwa maso ake a pansi, amene amaiteteza kugwa pa masitepu, salandira kuwala kobwerera. Imafika pa kapeti, imaima, imabwerera.

Yacisanu ni nyumba yaikulu ya kumayadi, ya agalu, ya ana, ya citseko ca ku khichini cosatseka tsiku lonse. Ngati ili na zipinda za pamwamba, loboti wamba siikwera masitepu. Mudzainyamula monga mwana. Ngati galu, kapena nkhuku yolowa mwakuba, yasiya cimene yasiya pansi, loboti yosaona idzacitenga na kucipaka nyumba yonse mwakhama. Nyumba iyi ndiye ingapindule na makina odula oona zinthu na doko lalikulu, malinga ngati ili na sola kapena inveta yokwanira. Apa ndiye tifika pa nkhani imene katoni siikamba.

Malaiti

Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo cakumapeto kwa caka cimeneco makomo ambiri anali kuona malaiti a ZESCO maola atatu cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Aliyense amene anapyola m'nyengo imeneyo sayenera kugula cinthu ca pulagi osadzifunsa kuti cidzacita bwanji mdima ukabweranso.

Loboti ili na batire, inde, koma batire imafuna maola angapo pa doko kuti idzaze. Doko likazima, maloboti ambiri amavutika kulipeza, ndipo mudzapeza makina anu atafera pansi pa bedi. Doko lodzikhuthulira lili na mota imene imakoka mawati pafupifupi 1,000 kwa masekondi ocepa, zimene inveta yaing'ono ya TV na malaiti siingakonde. Doko locapa nsalu likasowa mphamvu youmitsira, nsalu yonyowa imagona mmenemo mpaka kununkha monga cikolopo coiwalika mu baketi. Makina akaculukira kucita zinthu okha, amaculukiranso kudalira malaiti. Cotero m'nyumba yopanda sola, loboti ya doko laling'ono longochaja ni yodalirika kuposa ija ya doko looneka monga firiji. Ndipo iliyonse imene mwagula, iikireni kotetezera konga kaja timaikira firiji, cifukwa malaiti akamabwerera sagogoda.

Zimene mudzadziwa katoni itatsegulidwa

Ambiri amaitanitsa makinawa kunja kapena kutumiziridwa na acibale. Magetsi athu ni a mavoti 230, a ku America ni a 120. Madoko ena aang'ono amalandira onse awiri, koma madoko ambiri aakulu odzikhuthulira amapangidwira mtundu umodzi. Werengani kacikwangwani ka pansi pa doko musanalowetse pulagi, apo ayi mudzamva fungo la waya wopsa pa tsiku loyamba. Makina ena opangidwira msika wa mkati mwa China amakana kulumikizika ku app akakhala kunja kwa dzikolo. Ambiri amafuna Wi-Fi ya 2.4 GHz yokhazikika m'nyumba kuti muone mapu na kuika nthawi. Ngati intaneti yanu ni bandulo ya pa foni imene imacoka na imwe m'mawa, zambiri zimene munalipirira zidzagona, mudzatsala na batani loyatsira.

Pa mtengo wa pa intaneti onjezerani wonyamulira, msonkho wa kasitomu na VAT ya 16 peresenti. Ndiye pali masipeya. Sefa, kaburashi ka m'mbali, burashi yaikulu, nsalu na matumba a m'doko zonse zimatha, ndipo m'fumbi lathu zimatha msanga kuposa mmene kabuku kakambira. Batire nayo imafooka pakapita zaka zocepa, monga ya foni. Funsani wogulitsa kuti akuonetseni sefa yosinthira ili m'manja mwake. Mufunseni amene adzakonza makina akafa, na kuti waranti ilembedwe pa lisiti. Akayamba kuyang'ana kumbali, mwayankhidwa. Safunsa anadya phula. Loboti yopanda masipeya ni cinthu ca caka cimodzi, pambuyo pake idzakhala pamwamba pa wadiropu pamodzi na ketulo yakufa.

Cina cimene kabuku kamakamba m'zilembo zing'onozing'ono: makampani ambiri amaletsa kuthira Jik kapena sopo wamba mu tanki, amalola madzi okha kapena mankhwala awo. Ife amene tinaona kolera ya mu 2023 na 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka cipatala, tidziwa kuti pali nthawi imene pansi pafunika klorini, makamaka m'nyumba za cimbudzi ca panja cogawana. Nsalu yonyowa na madzi okha siipha tizilombo. Nchito imeneyo ikali ya baketi.

Diso m'cipinda cogona

Makina oona zinthu na kamera amaonanso imwe. Mu December 2022 magazini ya MIT Technology Review inaulula kuti zithunzi zojambulidwa m'nyumba za anthu na maloboti oyesera a Roomba J7, cimodzi ca mzimayi ali m'cimbudzi, zinafika pa intaneti kupyolera mwa anthu olembedwa nchito yolemba maina a zinthu pa zithunzizo. Anali makina oyesera, osati a m'sitolo, koma zinaonetsa kumene zithunzi zingafike. Mu 2024 kunamveka nkhani za eni ake a Ecovacs Deebot X2 ku America amene makina awo analowedwa na akuba a pa intaneti, mpaka kuyamba kutukwana m'nyumba. Ngati mukhala na anzanu pa lendi, kapena cipinda canu cogona ndiye cocezeramo, dzifunseni ngati mufunadi kamera yoyenda yokha pansi. LiDAR yopanda kamera imapima mtunda wa zipupa, siijambula nkhope.

Amene akuti ni ulesi, na amene afuna kucotsa wanchito

Pali anthu ena amene adzawerenga zonsezi na kuomba m'manja, amvekere: "Ndiye cimene tikamba, ana a masiku ano ni aulesi, cipyango cinalakwa ciani?" Sinili ku mbali yawo. Yang'anani bwino amene amakamba zimenezi, mudzapeza kuti ambiri sanagwirepo cikolopo cicokereni ku sukulu. M'nyumba zambiri wopyanga ni mtsikana, amene amauka 5 koloko m'mawa mlongo wake akali m'bulangeti. Ni mayi wobwera ku nchito madzulo na kuyamba nchito yaciwiri. Nasi wa shifiti ya usiku, munthu wa msana wovuta, wolumala, kapena wa cifuwa ca asima amene cipyango cimamuutsira fumbi kumaso, onsewa makina okoka fumbi angawapatse mpumulo weniweni. Munthu wotere akagula loboti yoyenera nyumba yake, wacita bwino. Cimene nikana ni kumugulitsa yosayenera, cifukwa iye ndiye amene ndalamazo zimamuwawa kwambiri.

Ena amawerengera mwina: "Nikagula iyi, wanchito nimucotsa." Mu January 2024 malipiro otsikitsitsa a wanchito wa pa nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndipo pa pepala masamu angaoneke monga akugwira. Koma loboti siitsuka mbale, siicapa, siipukuta mawindo, siipyanga pa bwalo, siilandira mwana wocoka ku sukulu. Iyo yomwe imafuna woisamalira: wotola masokosi na mawaya isanayambe, wokhuthula kabokosi, wodula tsitsi lozinga burashi, wocapa nsalu, woitulutsa pamene yakodwa. Imacotsa gawo limodzi la nchito imodzi. Amene acotsa munthu cifukwa ca makina amenewa adzazindikira pa wiki yaciwiri kuti wanchito watsopano ni iye mwini.

Cikomekome ca mkuyu

Cimene cimagulitsa maloboti amenewa pakati pathu si fumbi. Ni cithunzi ca umoyo umene tifuna kuti anzathu aone kuti tafikapo. Sinikuseka cikhumbo cimeneco, tonse tili naco. Koma cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere, ndipo ngongole ya pa foni kapena ndalama ya cilimba imene mwadikira miyezi siiyenera kupita ku cinthu cimene cidzawala pa sitetasi tsiku limodzi na kukodwa pa waya wa chaja masiku onse otsala. Ndalama imodzimodziyo ingagule makina okoka fumbi a m'manja, amene amafika pa sofa, pa matiresi na m'galimoto, kutsalako ya mopu yabwino.

Cotero musanatsegule app yogulira, vulani nsapato muyende m'nyumba mwanu. Onani ngati pansi ni matailosi, simenti ya polishi kapena kapeti. Werengani masitepu a pakati pa zipinda. Pimani pansi pa bedi. Werengani zinthu zimene zimakhala pansi tsiku lililonse. Kumbukirani maola a malaiti a mwezi woipitsitsa, osati a mwezi wabwino. Mukamaliza mudzakhala na yankho limodzi mwa atatu: yokoka fumbi cabe, yocita zonse ziwiri ya LiDAR, kapena kusagula konse. Yankho lacitatu ni lolemekezeka monga enawo. Ndipo wogulitsa akayamba kuwerenga ma Pa, muuzeni mmene pansi panu palili, mumufunse cimene makina ake adzacita pamenepo. Akalephera kuyankha, ndalama zanu zibwerere m'thumba.